Ngalande ndi kalavati kuseri kwa Luwinga: pamene tafika

Loweruka, 11 Meyi 2024

Tinakumana m'mawa uno pabwalo la pachigayo ndipo tamanga mfundo yoti mvula ikubwerayi isatipeze msewu uli chonchi. Tikumba ngalande kuchokera pamwamba pa chitunda mpaka kudambo, ndipo pamene msewu umaoloka kamtsinje tiikapo kalavati. Ulembi wagwera ine, ndiye ndizilemba pano mmene zinthu zikuyendera, kuti eni nyumba amene amakhala ku Lilongwe ndi ku Joni asadzati sanamve.

Kwa inu amene simunafike kuno chaka chino: pakati pa msewu pang'ambika chigwembe, pena chofika m'mawondo, cha kumunsi chofika m'chiuno. Ma Sienta anasiya kutsika mu Febuluwale. Anyamata a kabaza amakutsitsa pamwamba n'kukuuza kuti "apa pokha, madala," ukaumirira ndiye mtengo wina. Pa maliro a mwezi wathawu galimoto inaima pachigayo, bokosi linatsika pamapewa, onyamula akuterereka m'matope. Nkhani imeneyi ndi imene yadzaza bwalo lero. Misonkhano ya m'mbuyomu tinkangokwana pabenchi imodzi.

Mwini nyumba aliyense azipereka K10,000 pamwezi mpaka Okutobala. Ochita lendi apereke mphamvu zawo, kapena K2,000 ya waganyu wowagwirira. Ndalama zizipita kwa amayi asungichuma pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo uthenga wa pafoni ndiwo lisiti. Nthawi yambiri inathera pa kusankha tsiku, chifukwa Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi, Lamulungu a CCAP ndi Akatolika ali kutchalitchi. Mathero ake gulu lalikulu lizigwira Loweruka m'mawa, a Sabata Lamulungu m'mawa, koma woyang'anira akhale mmodzi.

Lamulungu, 26 Meyi

Tayenda msewu wonse ndi a folomani, bambo amene anapuma pa ntchito ya misewu n'kumanga nyumba yawo kumtunda kuno. Sanayambire pachigwembe. Anatitengera pamwamba penipeni n'kutiuza kuti tiyang'ane madenga. Masamu awo ndi osavuta. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, imeneyo ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100, lomwe ndi nyumba wamba ya zipinda zitatu, mvula ya mamilimita 20 ikagwa limatulutsa malita 2,000, madiramu khumi odzaza. Kale madzi amenewo ankagwera m'munda wa chimanga ndi m'thengo n'kulowa pansi. Lero akugwera pamalata, kutsikira pabwalo la simenti, kutulukira pakabowo kamene mwini mpanda anasiya m'munsi mwa khoma. Palibe mpanda umene tinaupeza wopanda kabowo, ndipo kabowo kalikonse kaloza kumsewu.

Ndiye tikamati mvula yationongera msewu timangoinamizira. Mvula ya ku Mzuzu ndi yambiri chikhalire, imagwabe mu Epulo ndi mu Meyi kwathu ku Dedza anthu akukolola. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwathu. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 130,000 mumzinda uno, wa 2018 anapeza 221,272, ndipo palibe mzinda wina m'Malawi umene unakula mothamanga chonchi pa zaka khumi zimenezo. Anthu onsewa sakanakwana ku Katoto ndi ku Chibavi. Anakwera zitunda, anatsika m'madambo, ku Mchengautuwa, ku Masasa, ku Zolozolo ndi kuno. Mbali yathu ino ili ndi chokoka chakechake, popeza Mzuzu University inayamba kuphunzitsa mu 1999 ndipo chipatala chachikulu chinatsegulidwa mu 2000, zonse ku Luwinga. Ophunzira ambiri sagona pasukulu, ndiye aliyense amene ali ndi kapuloti amaona mdadada wa zipinda za lendi, denga lalitali kuyambira kumpanda mpaka kumpanda, osasiya ndi pobzala nthochi pomwe.

Pobwerera tinadzera kwa adada a kutsidya, amene banja lawo ndi limene linagulitsa mapuloti ambiri a mbali ino. Iwo amakumbukira Mzuzu usanatchedwe mzinda mu 1985, bambo awo akusimba za ntchito ya ku esiteti ya mitengo ya tung kumene tauniyi inayambira. Anatenga ndodo yawo n'kutitsogolera. Msewu wathuwu, ati, kanali kanjira ka ng'ombe kopita kukamwa madzi. Khwawa lenileni linkadutsa cha kumadzulo, ndipo anatilozera ndi ndodo: pamenepo pali hositelo ya zipinda khumi, maziko ake atakwezedwa bwinobwino. A folomani anangoti, "Paja madzi saiwala khwawa. Mwawatsekera lawo, abwereka lanu."

Tinafunsa adada kuti pogulitsa ankasiya msewu waukulu bwanji. Anaseka. Ankayeza ndi mapazi, malire ake mtengo wa mapeyala, chulu, kapena chitsa, amfumu n'kudinda pepala. Za msewu pepalalo silinena. Wogula ankafuna malo aakulu, wogulitsa ankafuna ndalama, ndipo msewu ndi chimene chinatsala aliyense atamanga mpanda wake. Pena ndi mamita asanu ndi limodzi, pena atatu ndi theka. Ngalande yathu iyenera kupeza malo m'zotsala zimenezi.

Loweruka, 15 Juni

Sabata ino sitinagwire ntchito. Ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inalephera kutera pabwalo la ndege la kuno Lolemba pa 10 Juni chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inapezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Boma lalengeza masiku 21 okhuza maliro. Palibe amene anali ndi mtima wonyamula piki. A tcheya ati tiyambe kukumba mu Julayi, pakali pano zopereka zipitirire.

Loweruka, 20 Julayi

Kukumba kuli mkati ndipo mbali ya kumtunda yayenda bwino. Dothi lofiira la kuno likauma limalimba, khasu limangodumpha, ndiye piki patsogolo, fosholo pambuyo, wilibala kukataya dothi m'chigwembe. Kuzizira kwa mwezi uno kwatithandiza. Munthu umakumba osatuluka thukuta, ndipo chifunga chikamachoka cha m'ma 9 koloko ntchito imakhala ili pakati.

Vuto latulukira pakona. A folomani atakoka chingwe kuchokera pachikhomo cha kumtunda kupita cha kumunsi, chingwecho chinakagunda khoma. Mpanda wa mabuloko, wautali, wa waya wamagetsi pamwamba, unalowa mumsewu pafupifupi mita yathunthu. Mwini wake ali ku Johannesburg, pakhomopo pamakhala mng'ono wawo, amene anangoti iye ndi wosunga makiyi basi. Tinawaimbira pa WhatsApp, a tcheya atagwira foni moloza khoma ndi chingwe kuti aone okha.

"Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Taonani chingwechi pamene chathera."

"Ndachiona, bambo. Koma ine ndinagula mpaka pamtengo wa mapeyala. Pepala ndili nalo konkuno."

"Mtengowo uli pati?"

"Tinaudula pomanga mpanda."

Anthu anaseka, eniakewo nawonso anaseka. Zogwetsa khoma palibe amene anazitchula mokweza, ngakhale ambiri zinali kukhosi. Khoma lomwelo ndi thukuta la munthu amene wakhala zaka kudziko la eni, ndipo tikanayamba ndi iye, makoma ena anayi mumsewu womwewu akanatsatira, limodzi la munthu wa mukomiti. Tagwirizana kuti pamenepo ngalande idutse motsamira khoma, yomangidwa ndi miyala, yovundikiridwa ndi masilabu kuti tayala lizitha kupondapo. Zitsulo ndi simenti ya masilabuwo alipira iwo, ndipo ndalama yafika kale Lachitatu. Kwa ine, mita ya msewu aigula motchipa. Koma komiti si khoti, ndipo mvula siidikira mlandu.

Loweruka, 24 Ogasiti

Amayi asungichuma awerenga buku pamaso pa anthu. Amene akupereka mosadumphitsa ndi a tinyumba ting'onoting'ono: amayi ogulitsa tomato ku Zigwagwa, aphunzitsi awiri, mlonda wina amene amabweretsa yake m'manja tsiku lolandira. Anyamata a kabaza asonkherana pa siteji yawo n'kugula tiripi imodzi ya miyala, osapemphedwa. Amene akutivuta ndi malandilodi a mahositelo, anthu olandira lendi ya zipinda khumi mwezi ndi mwezi koma msewu osauponda. Mmodzi wayankha kuti misewu ndi ntchito ya boma, iye amakhoma kale msonkho. Mawu akewo si abodza ayi. Kungoti denga lake ndi limene limatulutsa madzi ambiri kuposa lina lililonse mumsewu uno, ndipo matenanti ake ndi amene amavula nsapato popita kukalasi.

Matenantiwo atichititsa manyazi ena a ife. Loweruka lapitali ophunzira anabwera gulu, atsikana ndi anyamata, ndipo mmodzi amene akuphunzira zoyeza malo watijambulira mapu a msewu wonse, kuonetsa kutsetsereka kwake ndi pamene pali kabowo kalikonse. Mapuwo tawamata pachigayo. Anthu akuima pamenepo kufufuza nyumba zawo, ena kukana kuti kabowo kawo si kakakulu choncho.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti sukhala malo amodzi. Kotesheni ya Lolemba pofika Lachisanu yatha ntchito. Tagwirizana kuti ndalama isagone m'foni: ikakwana matumba awiri, tigule awiriwo. Akusungidwa kwa aphunzitsi, pamatabwa, osati pansi, chifukwa chinyezi cha kuno chimaumitsa simenti ili m'thumba.

Mchenga wotchipa ulipo, wa anyamata amene amakumba m'kamtsinje kathu komweka, koma a folomani akana. Ukamachotsa mchenga kumunsi kwa kalavati, mtsinje umazama, madzi amayamba kufukula pansi pa maring'i ake a konkire, ndipo tsiku lina kalavati imangokhala m'malere. Anyamatawo sanakondwe. Tawapatsa ganyu yoswa miyala, koma tonse tikudziwa kuti ganyuyo ikatha abwereranso mumtsinje, popeza mapuloti akumtunda akufuna mchenga tsiku lililonse. Ena anati m'ngalande tiyale njerwa zootcha poti mauvuni ali paliponse. Njerwa m'madzi othamanga siikhalitsa, tiyala miyala. Paja boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi zamalonda mu 2018 pofuna kupulumutsa mitengo, koma kuno kumapuloti uvuni ukufukabe, ndipo maenje ake ndi amene amatiwetera udzudzu.

Lamulungu, 29 Seputembala

Ngalande yafika kumunsi, ndipo funso limene tinkalizemba chiyambire latipeza: madziwa akathera kwa yani?

Kumapeto kwa chingwe kuli dimba la agogo ena amene akhala m'mphepete mwa dambomo kuyambira magetsi asanafike mbali ino. Amalima mpiru, repu, tomato ndi nzimbe, ndipo pakona pa dimbalo pali chitsime chosaya chimene theka la msewu limatungapo mipopi ikauma. Anatipeza tikukhoma zikhomo. Anaika khasu pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kuyamba ayang'ana chingwe kuchokera pamene tinaima mpaka pamwamba pa chitunda.

"Ana anga, madzi a nyumba zonsezi mukundibweretsera ine?"

"Ayi agogo, azingodutsa m'mbalimu kupita kumtsinje."

"Azingodutsa. Inu munawaonapo madzi a mu Malichi akungodutsa?"

Palibe anayankha. A folomani anazula chikhomo chomaliza n'kuchiika m'thumba.

Agogo ananena zoona, ndipo ngalande yomanga bwino ikanawapweteka kuposa chigwembe. M'chigwembe madzi amachedwa, amamwazika, ena amalowa pansi. M'ngalande ya miyala yosalala amafika onse nthawi imodzi, ali ndi liwiro. Komanso sabwera okha. Amatenga za m'zimbudzi zosefukira, mapampasi, madzi a m'mabafa, zonse n'kukazisiya pafupi ndi chitsime chimene ana athu omwe amamwa. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinamuiwale. Ndipo amene analipo mu Epulo 2016 amakumbukira mvula ija inagwa masiku otsatizana, nyumba zambirimbiri n'kugwa mumzinda uno, anthu kufa, ena kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Amene anavutika kwambiri anali a m'zigwa ndi m'mphepete mwa madambo, anthu olandira madzi a anzawo.

Nzeru ya a folomani ndi yoti madzi asatsike onse. Tiwagawe ali kumtunda, akadali ochepa. Pakhale timingalande titatu topatukira m'mbali, totayira madzi m'malo amene sanamangidwe. M'ngalande yaikulu, pamene patsetsereka kwambiri, tiike timakoma ta miyala topingasa kuti madzi azipuma, dothi lizitsalira. Kumunsi ngalande ikhote, ikalowe mumtsinje kupitirira chitsime, pamwala woyala, ndipo m'mbali monse tibzale vetiva.

Papepala zinatenga mphindi khumi. Koma timingalande titatu ndiye kuti anthu atatu avomere madzi a anzawo kulowa pamalo pawo, ndipo mwezi uno wathera pa maulendo a madzulo, khomo ndi khomo, a tcheya ndi amfumu patsogolo. Aphunzitsi avomera msanga, ali ndi nthochi kuseri ndipo nthochi sizikana madzi. A mpingo umene unagula puloti ya pakati avomera titalemba kalata yoti akadzafuna kumanga tidzakambirananso. Wachitatu wakana kwamtuwagalu. "Sindinagule puloti kuti ikhale dziwe la anthu," anatero, ndipo chaka chamawa akuthira maziko. Sindingamunene kwambiri. Tonse amene tinapita kukamupempha tili ndi kabowo pansi pa khoma, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anadzipereka kutseka kake n'kukumba dzenje lomwetsa madzi pabwalo pake. Nkhaniyi ndinaitchula pamsonkhano, anthu anayang'ana pansi, tinapita pa mfundo ina.

Tipanga tiwiri. Chitsime cha agogo tichimangira khoma lofika m'chiuno ndi chivundikiro, simenti yake ichokera m'thumba la komiti.

Loweruka, 19 Okutobala

Kalavati yalowa. Maring'i asanu ndi limodzi a konkire, a mamilimita 900 m'mimba mwake, anabwera pa lole Lachinayi ndipo tinawatsitsira pamatayala akale kuti asasweke. Ena ankafuna a 600 poti ndi otchipa. A folomani anati ya 600 ikatsekeka umangoiyang'ana, ya 900 mnyamata amakwawamo ndi fosholo.

Timadzi ta mwezi uno tinatipatutsa ndi matumba a mchenga, tinakumba mpaka kupeza dothi lolimba, n'kuthira konkire yoyalapo maring'i. Levulo yake inali paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, mnyamata mbali iyi, mnyamata mbali iyo, a folomani pakati akulemba pachikhomo ndi pensulo ya kukhutu. Kalavati iyenera kupendekera pang'ono kumunsi. Ikagona chathyathyathya mchenga umakhazikika mkati, ikapendekera kwambiri madzi amatuluka ndi ukali n'kukumba potulukira.

Kutsitsa ring'i m'dzenje ndi ntchito ya anthu khumi ndi awiri, zingwe ziwiri ndi mapolo a bulugamu. Wina amaitana, onse n'kuyankha, ring'i n'kusuntha pang'ono, kuima, kusunthanso. Ya chinayi inapendama, chingwe chinapsereza manja a mnyamata wina wa kabaza, koma sanachisiye. Zonse zitalowa a folomani anagona chafufumimba kumapeto, chipewa atachitembenuza, n'kusuzumira mkati nthawi yaitali. Kenako anati ring'i yachitatu ikwezedwe kumanzere ndi kamwala kamodzi. Anthu anadandaula, njala itawapweteka, koma inakwezedwa. Polumikizira tamata ndi matope a simenti, kumaso ndi kumbuyo tamanga makoma a miyala, ndipo dothi lokwirira taliika pang'onopang'ono, kusinja ndi chipika, kuthiranso, kusinjanso, mpaka lakwera kupitirira theka la mita pamwamba pa maring'i. Dothi limeneli ndi limene limanyamula kulemera kwa galimoto. Likachepa, ring'i imasweka.

Amayi anaphika pansi pa mtengo, nsima ya mgaiwa ndi usipa, ndipo anzathu a ku Nkhata Bay anabweretsa kondowole, imene ife a ku Dedza tinaimeza mwaulemu.

Makoma tawafunditsa ziguduli zonyowa, ana azithirira m'mawa ndi madzulo sabata yonse. Konkire imafika pafupifupi mphamvu yake yonse pa masiku 28, ndiye tatseka msewu ndi zipika. Oyenda pansi ndi njinga adutse, galimoto ayi.

Lachitatu, 23 Okutobala

Usiku wapitawu tipa yodzaza njerwa yachotsa zipika n'kudutsa. Maring'i ali bwino, koma kona ya khoma la kumunsi yang'aluka. Matayala ake anatitsogolera okha mpaka papuloti ya kutsidya pamene njerwazo zinatsitsidwa. Mwini puloti, amene dzina lake m'buku la zopereka mulibe, wapepesa ndipo wabweretsa thumba la simenti. Tamulembanso m'buku.

Loweruka, 23 Novembala

Mafuta asowa m'dziko muno, mizere pa mafilingi siteshoni ikugona pomwepo, ndipo tipa imene inayenera kutibweretsera dothi lamiyala lothira pamwamba pa msewu ili pamzere. Mwini wake akuti akagula a pa mabigiri mtengo wa tiripi ukwera kawiri. Takana. Tikututa ndi mawilibala dothi lotsala pokumba, kukweza pakati pa msewu kuti madzi azitsetserekera m'ngalande m'malo moyenda m'mikwasa ya matayala. Popanda dothi lamiyala padzaterera ndithu, koma sipadzang'ambika.

Kalata yopempha thandizo ku thumba la chitukuko la CDF, limene mu 2024 linakwera kufika K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu, tinapereka limodzi ndi mapu a mnyamata uja. Madera ofuna milatho mumzinda uno ndi ambiri, ndiye ife tisaimike ntchito poyembekezera. Vetiva tapeza kwa mlimi wina wa ku Ekwendeni, tibzala nthaka ikanyowa.

Loweruka, 28 Disembala

Mvula yoyesa ntchito yathu inagwa Lachinayi masana, yamphamvu, yopitirira ola. Anthu anatuluka ndi maambulera ndi majumbo kumutu kukaima m'mbali mwa msewu. Madzi anatuluka m'timabowo tonse nthawi imodzi, ofiira ngati thobwa la mawere, n'kulowa m'ngalande. Kamngalande ka kwa aphunzitsi kanagwira ntchito yoposa imene tinayembekezera, nthochi zinaima m'madzi mpaka madzulo. Pa masilabu a pakona panadutsa bwino. Kalavati inadzaza kupitirira theka koma siinasefukire, ndipo dimba la agogo madzi analowa mizere iwiri yokha ya m'mphepete. Iwo ati tidikire Malichi.

Zoonongeka zilipo. Pamene panayenera kukhala kamngalande kachitatu madzi anachuluka, anagwetsa timakoma tiwiri topingasa n'kunyamula miyala yake mpaka kumunsi. Timanganso, tokulirapo, ndipo a tcheya apitanso kwa bambo anakana aja ndi zithunzi. Chachiwiri ndi zinyalala. Mvula itangoyamba, pali makomo ena amene anathamangira kukakhuthula mabini m'ngalande kuti madzi awatayire. Pakamwa pa kalavati tinachotsa majumbo, mabotolo, mapampasi, chiguduli ndi nsapato imodzi, mawilibala atatu odzaza. Zikanakhala za 600 zija bwenzi lero tikulemba zina. Tagwirizana kuti khomo lililonse lizisesa ngalande ya kutsogolo kwake, ndipo wopezeka akutaya zinyalala alipire K5,000. Kaya adzamugwira ndani mvula ikugwa, tiona.

Sienta yoyamba yatsika dzulo mpaka kutsidya. A kabaza achotsa ndalama yoonjezera ija. Ndamvanso kuti landilodi uja wa msonkho wauza matenanti ake kuti lendi ikwera mu Januwale poti msewu tsopano ndi wabwino.

Loweruka, 18 Januwale 2025

M'thumba mwatsala ndalama yokwana matumba atatu a simenti ndi tiripi imodzi ya miyala. Eni nyumba asanu ndi awiri sanaperekebe kalikonse, ndipo maina awo ali kwa amfumu, pano sindiwalemba. Timakoma tiwiri tija tamangidwanso. Vetiva wagwira mbali ya kumunsi, kumtunda mbuzi zamudya ndipo tibwerezanso. Dothi lamiyala lidikira mvula ithe. Bambo a kamngalande kachitatu avomera kuti madzi adutse m'malire mwa puloti yawo chaka chino chokha.

Chimene chatenga nthawi pamsonkhano wa lero ndi munda wa pamwamba pa chitunda, wotsiriza umene watsala mbali ino. Banja la adada layamba kuudula mapuloti, zikhomo zaoneka kale, ndipo awiri athira maziko. Madenga onse amene adzamangidwe kumeneko madzi ake adzatsikira m'ngalande yathu yomweyi, imene a folomani anaiyeza poona nyumba zimene zilipo lero. Tawapempha kuti asanagulitse ena asiye msewu wa mamita asanu ndi atatu ndi malo a ngalande, komanso kuti khwawa laling'ono la kum'mawa lisagulitsidwe. Adada amva. Mwana wawo wamkulu wawerengera kuti pempho lathulo likudya mapuloti awiri athunthu, ndipo wafunsa kuti ndalama yake abweza ndani. Funsolo lilibe yankho pakali pano. Mnyamata wa mapu wati awajambulira mwaulere njira ziwiri zodulira mundawo kuti aone ngati puloti yokhala pamsewu weniweni singagulidwe mokwererapo n'kubweza zotayikazo.

Tikumana nawo Loweruka pa 1 Febuluwale, 8 koloko m'mawa, kumunda komweko. Amene munagula kale kumtundako bwerani ndi mapepala anu, ndipo a Sabata atumize nthumwi kwa a tcheya Lachisanu madzulo.